Limodzi M'mawa, Limodzi Madzulo

Rosettenville, Joni
2 Febuluwale 2025

Okondedwa amake Thandi,

Moni wa ku Joni akupezeni inu, Amayi, ndi onse a ku Yofu pachilumba chathucho. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mvula sinakugwetsereni khitchini ija. Ine kuno ndili gwa, kuposa mmene munandionera chaka chatha.

Kalatayi ikubwera ndi a Matias, a galimoto yonyamula katundu aja, pamodzi ndi katundu wanu. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sitimasuka. Pa Yofu ponse netiweki inasankha kukagwira pakhonde la Amayi, ndiye ndikangoti "Phyllis wanga" ndimamva kutsokomola kumbuyo kwanu. Makalata otsatira ndizilemba papepala, n'kujambula, n'kutumiza pafoni yanu. Muzikawerengera kumunda.

M'chikwamamo muli shuga, sopo, mafuta ophikira ndi nsalu yanu yobiriwira. Nsapato za Thandi a Matias akamusiyira okha kusukulu ku Mzuzu. Nsaluyo ndi yopita nayo kutchalitchi, osati yokaanikira chinangwa, ndimakudziwani.

Koma chachikulu ndi chitini cha mkaka chimene chili pansi penipeni. Musatereke madzi a tiyi, mulibe mkaka mmenemo. Muli mapiritsi a Amayi.

Mukukumbuka msana wanga uja? Ntchito yathu ya matailosi ndi yogwada tsiku lonse, kuwonjezera apo kunyamula mabokosi kukwera nawo masitepe. Mu Disembala ululu unkachokera m'chiuno n'kutsika mwendo wonse mpaka kuchala chachikulu, ngati ndaponda waya wa magetsi. Dokotala anandilembera mapiritsi a masiku khumi. Anati m'piritsi limodzi muli mankhwala awiri, ena a mitsempha, ena ochotsa kutupa. Amake Thandi, tsiku lachitatu ndinavina! Atatha masiku khumiwo ndinapeza kasitolo kena kuno komwe amagulitsa omwewo osafunsa pepala la dokotala, ndipo mpaka lero ndikumwabe. Ndiye ndinaganiza kuti, ine ndizithamanga kuno pamene mayi wondibereka akuyendera ndodo chifukwa cha mawondo? Ayi ndithu. Ndawagulira a miyezi iwiri.

M'mabokosi ndawachotsa. A Matias akuti mankhwala a m'mabokosi amavutika nawo pa boda, ndiye ndawathothola onse n'kuwathira m'chitinimo. Mabokosi ndi timapepala take ta Chingerezi chosaoneka bwino ndataya. Palibe chovuta, ndalemba ndekha kapepala n'kumata pachivindikiro: limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Amayi anali mphunzitsi zaka makumi atatu, zolembedwa salakwitsa.

Zinthu kuno zakwera, buledi yekha akufuna kukwana marandi makumi awiri, ndipo sakhutitsa ngati kondowole wanu. Mbuzi za a Mclean, oyandikana nafe aja, zikalowanso m'munda wa chinangwa mukawauze mwaulemu koma mokweza. Malata a khitchini ndiwaona Pasaka ikadutsa.

Amayi muwauze kuti mwana wawo sanawaiwale.

Ndine wanu,
Edmund

Rosettenville
23 Febuluwale 2025

Amake Thandi,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo, Mulungu akusunga.

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndaseka mpaka Tendai, mnzanga wa ku Zimbabwe amene timakhala chipinda chimodzi, wandifunsa ngati andikwezera malipiro. Zoona Amayi ataya ndodo? Zoona anakafika okha ku Chipyela wapansi, n'kubwerako osapumira pamwala paja? Ndinkanena ine! Azimayi a m'kwaya aja amene ankati Edmund anatchona aone tsopano ntchito za mtchona.

Mwati Amayi alumbira kuti Lenti ya chaka chino sadzaphonya Misa ya m'mawa kutchalitchi chachikulu ngakhale tsiku limodzi, monga ankachitira Bambo ali moyo. Asiyeni azipita. Zaka zitatu akhala akumvera belu pakhonde ngati mlendo, mtima ukuwawawa. Muwakonzere nsapato zakuda zija.

Zoti akumawodzera masana, mpaka kugona ali chikhalire mpeni uli m'manja, musade nazo nkhawa. Inenso zimandichitikira. Ndi mmene mankhwalawa amagwirira ntchito, thupi limapuma. Dzana mutu unandizungulira ndili pamasitepe, ndinangokhala pansi bokosi lili pamiyendo. Kapitawo anati ndaledzera, chonsecho mowa ine ndi botolo limodzi Loweruka basi. Mwina awiri.

M'mimba mwanga mwayamba kuwotcha, makamaka kukamacha. Ndikuganiza ndi zotsabola zimene timadyera buledi kuno. Komanso m'mawa sindidya, ndimangomeza piritsi ndi madzi a pampopi n'kuthamangira minibasi, ndipo nyumba imene tikuikamo matailosiyi eni ake akufuna kulowamo mwezi wamawa, ndiye za chakudya cha masana tinaiwalako. Mutu ukandipweteka ndimamwa ufa wa m'timapepala umene aliyense pantchito amamwa, umagwira msanga. Si nkhani yaikulu, ndangoitchula poti munandilumbiritsa kuti ndizinena zonse.

Nanga apongozi anga ku Khuyu ali bwanji? Muwapatseko sopo. Thandi wanditumizira uthenga kuti nsapato zamukwana koma mtundu wake ndi wa agogo. Mwana ameneyu pakamwa watengera inu.

Wanu,
Edmund

Rosettenville
14 Malichi 2025

Amake Thandi,

Moni. Ndikudziwa mwakhala mukuimba sabata yonse foni ili yozimitsa. Pepani. Ndili moyo, ndili m'chipinda changa, Tendai akundiphikira phala. Kalatayi muwerenge muli nokha, ndipo mukamaliza musayambe ndi kulira, muyambe ndi kuthamanga.

Ndinagonekedwa kuchipatala masiku anayi. Akuti ndi zilonda za m'mimba ndipo zinkatuluka magazi. Zina ndidzakuuzani pamaso. Amayi musawauze, chonde, mukudziwa mmene BP yawo imakwerera akamva zoipa.

Tsiku lotuluka, nesi wina wachikulire anandiuza kuti ndiike pabedi chilichonse chimene ndimamwa. Ndinatulutsa bokosi la mapiritsi aja ndi timapepala ta ufa wa mutu. Anaomba m'manja kamodzi n'kundiyang'ana ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Anati, "Dokotala anakupatsa a masiku khumi, iwe wamwa miyezi itatu. Theka la piritsi ili ndi mankhwala ochotsa kutupa, ndipo amenewo amadya m'mimba ndi impso akachuluka. Ufa wakowu ndi wa mtundu womwewo. Wakhala ukumwa chinthu chimodzi kawiri, m'mimba mopanda kanthu, n'kuthirapo mowa." Anati theka linalo, la mitsempha, ndi limene limandiwodzeretsa ndi kundizunguza mutu, ndipo anthu amagwa nalo.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, wa BP, angamwe?" Anasiya kulemba. Anati, "Wamupatsa ndani?" Amake Thandi, ndinavomera kuti ndine. Anati munthu wamkulu chotero, amene akumwa kale mankhwala a BP, sapatsidwa amenewa popanda dokotala kumuyeza kaye magazi ndi impso, adye asadye. Anati mankhwala olembera munthu mmodzi sagawana ngati ndiwo.

Tsopano ndiyankheni izi lero lomwe. Kodi Amayi akumamwabe indosidi wawo wa pamsika uja wa mawondo? Nayenso ndi wa mtundu womwewo. Kodi m'mawa amadya kanthu asanameze piritsi? Ndakumbukira ndili pabedi la kuchipatala kuti Lachitatu la Phulusa linadutsa pa 5, ndipo Amayi pa Lenti salawa kanthu mpaka dzuwa litapendeka. Ine pakapepala paja ndinangolemba kuti m'mawa. Mayo ine, sindinalembe za chakudya.

Muwayang'ane m'manja ndi m'maso ngati mwayera. Muwayang'ane mapazi ngati atupa. Chovuta kwambiri ndi ichi, ndipo ndikudziwa si funso la mpongozi: chimbudzi chawo chikakhala chakuda bii ngati phula, ndiye kuti magazi akutuluka m'kati. Ine ndinachiona masiku asanu n'kumati ndi zakudya za kuno.

Indosidi asiyiretu lero. Chitini mupite nacho kuchipatala ku Chipyela pamodzi ndi eni ake. Musangotaya m'nyanja, chifukwa nesi akuti theka la mitsempha lija munthu akalimwa milungu yambiri salisiya mwadzidzidzi, adokotala ndiwo amadziwa kuchepetsa kwake. Ndajambula bokosi langa mbali zonse, ndikutumiza pamodzi ndi kalatayi kuti akaone dzina, poti mapiritsi a m'chitini alibe dzina. Ndinawachotsa dzina ndine.

Za khitchini ndi mbuzi ziiwaleni kaye.

Edmund

Rosettenville
21 Malichi 2025

Phyllis,

Moni, ngakhale moni wake sakutuluka bwino. Ine ndikupezako, phala likukhazikika. Kuntchito akuti ndiyambe ndapuma, ndipo pamalo panga aikapo wina. Zimenezo tidzakambirana.

Mayankho anu ndawawerenga katatu ndipo mtima uli m'mwamba. Ndiye kuti chiyambire Lenti, Amayi amalawira m'mamawa ndi piritsi ndi kapu ya madzi basi, n'kuyenda mtunda wonse uja m'miyala, n'kugwada Misa yonse, pobwera n'kuwonjezera indosidi? Ndiye kuti nsapato zakuda sizikulowanso, akupita ndi patapata? Ndipo Lachiwiri anadzandira pafupi ndi mlambe wa panjira mpaka anthu kuwagwira? Phyllis, zimenezi ndi zomwe zija. Ndi njira yomwe ndinadutsa ine, koma ine ndine wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndipo ambulansi inafika m'mphindi makumi awiri. Kwathuko chikachitika panjira ya ku Yofu, afika ndani?

Ndinawaimbira monga munandipempha. Anandiyankha ngati ndili m'kalasi mwawo. Anati, "Edmund, unandipatsa ndi dzanja lako, lero ukufuna kulanda ndi pakamwa pa mkazi wako? Kapena akufuna akapatse amayi ake ku Khuyu?" Musakhumudwe nazo, ndi mawondo akulankhula. Zaka zitatu za ululu, ndiye wina akuti abwerere ku ndodo. Pomaliza anati, "Chabwino, ndasiya." Koma inu mukuti m'mawa uliwonse mukamasesa kuseri kwa zenera lawo mumamva chitini chikulira. Ine ndikukhulupirira khutu lanu.

Za chimbudzi mwati simungathe kufunsa. Ndamva. Za kuchipatala akuti adzapita Pasaka ikatha. Pasaka ili pa 20 Epulo! Kwatsala mwezi wathunthu.

Tsopano ndikupemphani chinthu chimene mwamuna sapempha mkazi wake. Mwati chitini amachisunga kuchipinda kwawo. Ndikudziwa kuti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chikwatiwireni phazi lanu silinadutsepo pakhomo la chipinda chimenecho, ndipo tsiku lija anadwala malungo munkaperekera phala pa katani, kudikira Zodwa mlongo wanga achoke ku Bulawayo. Ndikudziwa zimene anthu a pa Yofu amanena za mpongozi wolowa kuchipinda kwa apongozi ake. Adzati mumafuna kuba, ena adzanena zoposa apo. Thandi akanalowa, koma sukulu sitseka msanga. Zodwa alibe zoyendera. Mwatsala inu.

Lowani, Phyllis. Akapita ku Misa, lowani mukachitenge, mupite nacho kuchipatala pamodzi ndi zithunzi zija, mukafunse adokotala chochita. Mukapemphenso ansembe awauze kuti wodwala saumirizidwa kusala kudya, mwina iwowo awamvera. Mlandu wake ndi wanga, ndidzaima pamaso pa abale onse n'kunena kuti ndinakutumani ndine.

Ndikuopa. Foni ikalira ndimayamba ndaiyang'ana nthawi yaitali ndisanayankhe.

Edmund

Rosettenville
28 Malichi 2025

Amayi anga okondedwa,

Ndine mwana wanu Edmund. Ndamupempha Phyllis akupatseni foni m'manja kuti muwerenge nokha ndi magalasi anu, musaganize kuti wina wawonjezera mawu. Dzanja mukulidziwa, munaliphunzitsa ndinu kugwira pensulo.

Muli bwanji, Amayi? Musandiyankhe kuti muli bwino.

Ndamva kuti chiyambire Lolemba simukulankhula naye Phyllis, ndipo chakudya chake mukubweza. Munapeza kuti mkeka wa pakhomo la chipinda wasuntha ndipo munadziwa. Inde analowa. Anapeza thiranki yokiya, kiyi muli nayo m'khosi pamodzi ndi mtanda, ndipo anatuluka chimanjamanja akulira. Ansembe nawo akuti munawayankha kuti Mulungu wakubwezerani miyendo kuti muziyendera kunyumba kwake. Amayi, Phyllis sanalakwe. Ndinamutuma ndine, anakana kawiri, kachitatu ndinamulirira pafoni. Ngati pali woyenera kumubwezera mbale, bwezani yanga.

Ndakhala ndikukunamizani. Ndinati ndili gwa. Pa 6 mwezi uno, Lachinayi m'mawa, ndinali chogwada m'bafa la nyumba ya anthu ndikuika matailosi oyera. Ndinamva mseru, ndisanaimirire ndinasanza. Zinatuluka zakuda ngati matsalira a khofi, kenaka magazi enieni, ofiira, pamatailosi onse amene ndinaika dzulo lake. Ndinafuna kupukuta kapitawo asanaone, manja anakana. Ndinadzidzimuka ndili kuchipatala, thumba la magazi a munthu wina likulendewera pamwamba panga. Anandithira matumba awiri. Dokotala anati Tendai, amene tinali naye pantchitopo, akanachedwa ndi ola limodzi kuitana ambulansi, a Matias akanabweretsa bokosi lalitali m'malo mwa shuga. Ntchito inatha. Lamba ndabowolanso mabowo awiri.

Anandichita zimenezi ndi mapiritsi omwe ali m'thiranki mwanumo. Si kuti mankhwalawo ndi oipa, Amayi. Kwa amene dokotala wamuyeza, kwa masiku amene dokotala wanena, amathandizadi, ndipo mwaona nokha. Woipa ndi wogawa wake. Ndinadziyesa dokotala ndili woika matailosi. Ndinataya mapepala olembedwa ndi anthu ophunzira n'kumata kanga ka mizere iwiri, ndipo inu mwakatsata mokhulupirika chifukwa kanalembedwa ndi mwana wanu.

Tsopano mundikhululukire, ndifunsa zimene mwana wamwamuna safunsa mayi ake. Mukapita kuchimbudzi, zikutuluka zakuda ngati phula? Pansi pa chifuwa pakuwotcha? Mukaimirira maso akuchita mdima? Mkodzo wachepa? Musandiyankhe ine, musamuyankhe Phyllis. Mukayankhe kuchipatala, lero, osati Pasaka ikatha. Kuchipatala ndi pafupi ndi tchalitchi pomwepo, njira yake ndi yomwe mukuyenda m'mawa uliwonse. Ali ndi njira zina zothandizira mawondo, sakakubwezerani ku ndodo chabe.

Munkatiuza kuti Bambo atapita ku migodi ankatumiza mabulangete, ndipo inu munkanyadira kuti Joni wafunditsa banja lonse. Ine ndinafuna kuti nanenso munyadire. Musalole kuti chimene ndinatumiza ine chikhale chokuphani. Sindingathe kukhala nazo, Amayi. Sindingathe.

Mwana wanu,
Edmund

Rosettenville
3 Epulo 2025

Phyllis,

Zikomo. Sindikudziwa mawu ena.

Ndiye Amayi anawerenga kawiri, n'kuvula magalasi, n'kukuitanani ndi dzina lanu? Mwati Loweruka anadzitsekera m'nyumba m'mawa wonse, kenaka anatuluka atavala n'kunena kuti, "Tiye, mwana wanga, undigwire mkono." Mwati panjira munapuma kasanu ndi kawiri. Ndikanakhala ine ndikanawabereka.

Adokotala achita zonse mofulumira, Mulungu awadalitse, ndipo zithunzi za bokosi zawathandiza. Koma mawu amene mwandiuza andisowetsa mtendere: magazi atsala ochepa kwambiri, impso zatopa, ndipo Amayi avomera kuti zakudazo anayamba kuziona milungu iwiri yapitayo. Milungu iwiri! Ndipo masiku a mvula ankamwa awiri m'mawa kuti akafike. Inu mwapereka magazi anu, inu amene mbale yanu inkabwezedwa. Mudye bwino, musakomoke nanunso.

Mwati mawa akuwawolotsa kupita kumtunda, ku chipatala chachikulu. Muwafunditse, panyanja pamazizira. Thandi adzakupezani komweko. A Matias ali ku Nkhata Bay sabata ino, ndawapempha akuchingamireni padoko.

Chinthu chimodzi chikundivuta. Mwati mapiritsi anawabweretsa atamanga pampango, osati m'chitini. Nanga chitini chili kuti? Ndikuopa kuti mwina ena abisa kuti adzamwe akatuluka. Mukaona kuti apezako mphamvu muwafunse mofatsa.

Ndikufunitsitsa kubwera, koma mukudziwa za mapepala anga. Ndikatuluka sindidzalowanso, ndipo dokotala akuti ulendo wa masiku atatu pabasi sindinafikepo. Ndikungozungulira m'chipinda muno. Mundiimbire mukangotsika boti, ngakhale mulibe chonena.

Edmund

Rosettenville
27 Epulo 2025

Amake Thandi,

Moni. Muli bwanji, inu ndi Thandi ndi Zodwa? Anthu a pamaliro a Amayi anabalalika onse? Ine ndilipo.

Pepani kuti chiyambire Lachiwiri la Sabata Loyera lija, tsiku limene Amayi anatisiya, ndakhala ndikungoti "eya, eya" pafoni. Zithunzi ndinaziona. Munawaveka bwino, ndipo ndaona kuti nsalu yobiriwira munavala. Zikomo powabweretsa kwawo kuti akagone pafupi ndi Bambo. Akuti kwaya inawaimbira kuchokera padoko mpaka kumanda. Ine nthawi imeneyo ndinali nditakhala pabedi, nditavala jekete ndi tayi, Tendai ali pambali panga.

Mwandiuza kangapo zimene adokotala ananena, kuti zilondazo mwina zinayamba kale ndi indosidi wa zaka zambiri, kuti impso zinali zofooka kale, kuti si chitini chokha. Ndamva, ndipo ndikudziwa mukunena kuti mtima wanga ukhale pansi. Koma mu Januwale Amayi anali pakhonde ndi ndodo yawo akukalipira mbuzi. Zimenezo ndizinyamula ndekha, musandilande.

Dzulo masana ndinapita kwa anyamata a kwathu amene amasonkhana kwa a Matias kudikira katundu. Awiri anali ndi mapiritsi oti atumize kwa makolo awo, wina atathira m'botolo la mafuta odzola. Ndinawaonetsa lamba wanga ndi chithunzi cha manda. Wina anabweza m'thumba, wina anandiseka. Ndidzapitanso Loweruka likubwerali.

Ndili pomwepo a Matias anandiitanira pambali n'kundipatsa kaphukusi komanga ndi nsalu yakale. Anati munawapatsa ndinu padoko tsiku lowolotsa lija, ndipo Amayi ali pamachira anawalamula kuti asanene kanthu mpaka kafike m'manja mwanga. Galimoto inachedwa kudzaza, ndiye kayenda milungu itatu. Inunso munadziwa, ndipo munasunga pakamwa ine ndikufunsa za chitini. Amake Thandi, inu!

Ndi chitini chija. Mulibe piritsi ngakhale limodzi. Adzazamo ufa wa kondowole mpaka pakamwa, wotsindira ndi chala, chidindo cha chala chawo chikuonekabe pamwamba. Ndiye ntchito imene anadzitsekera nayo m'nyumba Loweruka lija.

Kapepala kanga kakadali pachivindikiro. Akachonga ndi cholembera chofiira chija ankachongera makope. Pansi alemba kuti, "Kiyi ya thiranki ndampatsa Phyllis, ndi mwana wa m'nyumba muno, azilowa." Pamwamba pa mizere yanga iwiri ajambula kamuvi, n'kulemba kuti: "Edmund, unaiwala mzere woyamba. Udye kaye."

Mapiritsi aja sindidzawakhudzanso. A kuchipatala anandipatsa ena oteteza m'mimba, ndi a mitsempha paokha, ndipo akundichepetsera pang'onopang'ono. Ndimapita nawo m'mabokosi awo tsiku lililonse limene andilembera.

Malata a khitchini ndinalonjeza Pasaka ikadutsa. Mudikire pang'ono, ndikufunafuna ntchito yoimirira. Thandi abwerere kusukulu, asaphonye mayeso.

Ufawo ndi wokwana kuphika kanayi ndikasamala. Lero m'mawa ndaphika koyamba. Unatuluka wa mibulu, Amayi akanandiseka, koma ndadya wonse. Kenaka ndamwa mankhwala.

Ndine wanu,
Edmund